Katundu wa ana wogwiritsidwa kale ntchito: tilandire ziti, tibweze ziti?

Woyang'anira Gulu: Moni nonse. Tsiku la malonda a katundu wa ana layandikira, ndiye tigwirizaniretu za zinthu zimene tidzalole patebulo. Ulendo wathawu panali kung'ung'udza kwambiri. Ogulitsa ena akuti tinawabwezera zovala popanda chifukwa chomveka, ogula ena akuti anatenga zinthu zoti atafika kunyumba sizinagwire ntchito. Maganizo anga ndi awa: zovala zikhale zochapa ndi zosita, zopanda mabanga, zosang'ambika, zipi yoyenda, mabatani onse alipo. Nsapato zimangidwe ziwiriziwiri. Zoseweretsa zikhale zathunthu, ndipo zoyendera mabatire zibwere ndi mabatire ake kuti wogula ayese pomwepo. Onjezerani kapena tsutsani, ndikumvetsera.

Make Mapasa: Achemwali, pa "zopanda mabanga" pomwepo ndi pamene pakundivuta. Kodi alipo khanda losabweza mkaka? Ine anandibwezera timalaya tabwinobwino chifukwa cha kabanga kachikasu pakhosi, koti munthu akaone mpaka atsinzinire diso limodzi. Nsalu yake yolimba, ulusi sunasomphoke paliponse. Mukatero ndiye zovala za makanda sizidzapezeka patebulo.

Telala: Amake mapasa, mabanga a mkakawo ndi achinyengo. Mumachapa, chovala chimaoneka choyera, mumapinda n'kuika m'chikwama. Pakatha miyezi mukachitulutsa mupeza pakhosi pachita chikasu, chifukwa mafuta a mkaka aja anatsalira mu ulusi. Ndiye ambiri obwera ndi zoterezi sikuti ndi auve ayi, anasunga zili zoyera. Muzitulutsiretu masiku angapo, muziyang'anire panja dzuwa likuwala osati pa getsi la m'nyumba, muviike m'madzi a sopo usiku wonse, mawa muyanike padzuwa. Ambiri amachoka.

Make Mapasa: Nanga akapanda kuchoka?

Telala: Akapanda kuchoka ndiye tikambirane. Ine ndinganene kuti pakhale dengu lapadera la zovala zosewerera, wogula azidziwiratu kuti muli timabanga. Mwana wokwawa safuna zovala za paphwando.

Woyang'anira Gulu: Dengu lapadera ndalemba.

Bambo wa Atsikana Awiri: Pepani amayi, ndilowererepo. Takhala tikulimbana ndi kabanga ka pakhosi, koma m'malamulo mwaikawo mulibe mawu ngakhale amodzi okhudza mipando ya ana ya m'galimoto. Ulendo watha ndinaona mpando wina wowala bwino, nsalu yake yochapa, wadutsa kwa oyendera katundu popanda funso. Nditautembenuza, pepala losonyeza tsiku limene unapangidwa linali litamatuka. Palibe amene akanadziwa kuti uli ndi zaka zingati. Kabanga ka mkaka sikanavulazepo mwana, koma mpando wotere ungathe.

Mayi Wachisamba: Kodi mpando umathanso ntchito ngati mankhwala? Ine ndimayesa ngati sunathyoke ndiye kuti ulibwino.

Bambo wa Atsikana Awiri: Umatha ndithu achemwali. Makampani ambiri amaika malire a zaka 6 mpaka 10 kuchokera tsiku lopangidwa, ndipo tsikulo limakhala papepala lomata kumbuyo kapena kunsi, mwina lodindidwa pa pulasitiki penipenipo. Mpando umakhala m'galimoto yotentha masana n'kuzizira usiku kwa zaka zambiri, malamba amaperepeseka, tizitsulo tomangira timalefuka. Chachikulu n'chakuti mpando umene unakhalapo pangozi ukhoza kukhala ndi ming'alu ya m'kati yosaoneka ndi maso. Wopangidwa motsata malamulo a ku Ulaya umakhala ndi kapepala ka mtundu wa olenji kolembedwa R44/04 kapena R129, pamodzi ndi chilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira. R129 ndi lamulo latsopano, linayamba mu 2013. Mukaona R44/01 kapena R44/02, umenewo ndi wakalekale, musaugule ngakhale akupatseni ulere.

Agogo a Zidzukulu Zisanu: Ana inu, mwayamba kundiopsa. Ife tinalera ana ndi zovala zosiyirana, wamkulu akakula amavala wamng'ono, mpaka chovala kutha chokha. Onse anakula. Malamulo akachuluka chonchi, amene adzavutike ndi mayi wosowa uja amene amadalira malonda amenewa kuti mwana wake apeze chovala. Olemera sakhudzidwa, iwo amakagula zatsopano.

Namwino wa Ana: Agogo, pa zovala mwanena zoona, ndipo ine ndili kumbali yanu. Zovala zosiyirana zilibe vuto, mwinanso n'zofewa bwino pakhungu la khanda kuposa zatsopano. Ndikanakonda kuti pa zovala tifewetse malamulo, koma tilimbitse pa zinthu zitatu: chogonera mwana, cholowa m'kamwa mwake, ndi chomuteteza pangozi. Mayi wosowa mukumunenayo ndi yemwenso amatsala ndi kabedi kowopsa, chifukwa ndi kamene katsika mtengo.

Agogo a Zidzukulu Zisanu: Kabedi kangaopse bwanji mwanawe?

Kalipentala: Ndiyankhe ine agogo, poti matabwa ndiye ntchito yanga. Poyamba yezani mpata wa pakati pa timitengo ta m'mbali. Usapitirire masentimita 6. Ukakula kuposa apo, thupi la khanda limatha kudutsa koma mutu n'kutsakamira. Kenako mukagwedeze ndi manja awiri. Kakamagwedera ndiye kuti mabawuti ena anasowa, ndipo ndaonapo anthu atalowetsa msomali kapena waya pamalo pa bawuti. Chachitatu ndi mbali yotsetsereka ija, imene mayi amaitsitsa pofuna kunyamula mwana. Tizitsulo take tikatha, mbaliyo imasiyana ndi matiresi n'kusiya mpata umene mwana amagweramo n'kulephera kupuma. Ku United States analetsa kugulitsa timabedi totere mu June 2011, atsopano ndi akale omwe. Canada inatsatira mu 2016.

Kalipentala: Ndaiwala za penti. Kabedi kakale kopaka penti yomakanuka musakalandire. Mwana akayamba kumera mano amatafuna m'mbali mwa bedi, ndipo penti zambiri zakale zinali ndi mtovu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono osaonekera msanga.

Mlamu wa Aliyense: Kkkk koma gulu lino. Tayamba ndi mabatani, tsopano tili ku Canada. Malamulo a mayiko ena atikhudza bwanji ife? Aliyense ali ndi malamulo akwawo.

Bambo wa Atsikana Awiri: Achimwene, katundu wa ana amayenda kuposa anthu. Chinthu chimagulidwa dziko lina, chimaperekedwa kwa wachibale, chimalowa m'belo, mapeto chili patebulo pathu. Kampani ikalengeza kuti katundu wakutiwakuti abwezedwe chifukwa ndi woopsa, uthengawo umafika kwa amene anagula m'sitolo, koma mwini wachitatu kapena wachinayi samva kanthu. Sindikunena kuti apolisi a kunja adzatigwira. Ndikunena kuti chinthu chimene chinapha ana kwina sichisintha chikawoloka malire.

Namwino wa Ana: Chitsanzo chodziwika ndi Rock 'n Play ya kampani ya Fisher-Price, kampando kopendekeka kogonekapo khanda. Mu April 2019 analengeza kuti timipando timeneti tibwezedwe, tonse pafupifupi 4.7 miliyoni, makanda oposa 30 atamwalira. Mwana akagona chopendekeka mutu umagwera pachifuwa n'kutseka njira ya mpweya, kapena amatembenuka nkhope n'kukanikizika pansalu. Mu 2022 dziko la United States linakhazikitsa lamulo loletsa zogonera za makanda zopendekeka kupitirira madigiri 10, pamodzi ndi timapilo tija tomangirira m'mbali mwa kabedi. Koma zinthu zimenezi zikadali m'nyumba za anthu, ndipo n'zokongola kwabasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Woyembekezera Koyamba: Mayo ine, timapilo ta m'mbalito ndinali nditatisirira kale pa zithunzi zimene wina anatumiza. Ndimayesa timateteza mutu wa mwana kuti usagunde matabwa.

Namwino wa Ana: Asisi, khanda silingadzivulaze kwambiri pogunda timitengo, koma nkhope ikalowa m'kapilo silingathe kudzichotsa. Malo ogona khanda akhale olimba, athyathyathya, opanda pilo, opanda zidole. Mwana azigona chagada.

Woyembekezera Koyamba: Nanga matiresi akale? Atsopano akundikulira.

Namwino wa Ana: Ngati mungathe, matiresi gulani atsopano n'kusunga ndalama pa zina. Ngati simungathe, onani kuti sanachite dzenje pakati, sanang'ambike, alibe chuku kapena fungo la chinyezi, ndipo ali ndi chophimba chosalowa madzi. Mukawaika m'kabedi, pakati pa matiresi ndi matabwa pasalowe zala zoposa ziwiri.

Telala: Ndipo muziyang'ana m'misoko. Nsikidzi zimabisala momwemo, m'matiresi ndi m'nsalu za timangolo toyendetsera ana. Mukaona timadontho takuda totsatira msoko, bwezani, musayerekeze. Zovala n'zosavuta chifukwa madzi otentha madigiri 60 amapha nsikidzi ndi mazira ake, koma matiresi simungawaviike mumphika.

Mlamu wa Aliyense: Apo ndiye ndagonja. Nsikidzi sindicheza nazo.

Mayi wa Ana Atatu: Ine ndili ndi dandaulo. Ndili ndi mpando wa m'galimoto umene ndinagula ndekha watsopano, sunakhalepo pangozi, pepala lake lilipo, buku la malangizo lilipo, watsala ndi zaka zingapo. Mukuti ndiutaye chifukwa ena amanama? Mwana wa mnzanga azikhala pamiyendo m'galimoto pamene mpando wabwino uli m'nyumba mwanga? Kodi zimenezo ndiye chitetezo?

Bambo wa Atsikana Awiri: Funso lanu ndi lolemera amayi, ndipo sindikutsutsani. Mpando wakale wabwino umaposa kutali kusakhala ndi mpando. Vuto ndi la woyendera katundu pakhomo: inu mukunena zoona, wina wobwera pambuyo panu anena mawu omwewo akunama, ndipo mipando yonse iwiri ikuoneka chimodzimodzi. Adzasiyanitsa bwanji?

Mayi wa Ana Atatu: Tizisainira. Ndilembe dzina langa kuti mpandowu ndinaugula ine, sunachite ngozi. Wonama adzaopa kusaina.

Mlamu wa Aliyense: Wonama ndiye amasaina msanga, cholembera amabwera nacho yekha kkkk.

Make Mapasa: Alamu inu, nkhani ndi ya moyo wa ana iyi. Komabe mwanena zoona pang'ono.

Namwino wa Ana: Mwina njira ndi yakuti mipando isaikidwe patebulo la anthu onse. Amene ali nawo alengeze pagulu, wogula akumane ndi mwini wake maso ndi maso, afunse mafunso, aone pepala ndi malamba, ayese kumangirira m'galimoto mwake. Mpando umayenera kugulidwa kwa munthu amene ukudziwa mbiri yake. Chimodzimodzi zipewa zokwerera njinga. Siponji yolimba ya m'kati ija imaphwanyika kamodzi kokha poteteza mutu, ikatero yatha ntchito ngakhale kunja kukuwala.

Mayi wa Ana Atatu: Sindinakhutire kwenikweni, chifukwa ogula ambiri amabwera tsiku la malondalo, sali pagulu pano. Koma ndamva.

Woyang'anira Gulu: Za mipando tiponya voti madzulo, ndaona kuti sitigwirizana msanga. Tipite ku zoseweretsa. Ine ndinangoti zikhale zathunthu ndi zoyera. Pali china?

Namwino wa Ana: Chilipo, ndipo ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonse. Timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032, timene timakhala m'mabuku oimba, m'nsapato zowala ndi m'zidole zing'onozing'ono. Mwana akameza n'kutsakamira kummero, kamayamba kuwotcha minofu, ndipo m'maola awiri okha kakhoza kuononga koopsa. Choipa n'chakuti poyamba mwana amangooneka ngati ali ndi chifuwa kapena akukana kudya. Ndiye chidole chilichonse cha mabatire, kachitseko ka mabatire kakhale kotseka ndi sikuluwu. Kakakhala komata ndi selotepi chifukwa sikuluwu inatayika, chisalandiridwe. Timaginito tating'ono tamphamvu natonso ndi toopsa: mwana akameza tiwiri timakokana kudzera m'matumbo n'kuboola.

Woyang'anira Gulu: Koma ndiye ine ndinauza anthu kuti abwere ndi mabatire ali m'kati.

Namwino wa Ana: Abwere nawo, palibe vuto, bola kachitseko katsekeke. Woyendera akhale ndi sikuludiraiva yaing'ono m'thumba.

Kalipentala: Pa zidole za ana osakwana zaka 3 pali muyeso wosavuta. Opanga zidole amagwiritsa ntchito kachubu kotambalala pafupifupi masentimita 3.2, chinthu chikalowamo chonse ndiye kuti mwana angatsamwe nacho. Ife tilibe kachubuko, koma kachubu ka pakati pa tishu ya kuchimbudzi kamathandiza, ngakhale n'kokulirapo pang'ono. Kokani maso a chidole, mphuno, timatayala ta galimoto. Chikasomphoka n'kulowa m'kachubu, chidolecho si cha khanda.

Telala: Mabatani a zovala nawonso muzikoka, osangowerenga kuti akwana. Batani lolendewera ndi ulusi umodzi ndi loopsa kuposa batani losowa. Ndiponso zingwe za pachipewa cha juzi kapena jekete. Ku Ulaya zovala za ana osapitirira zaka 7 siziloledwa kukhala ndi zingwe pakhosi kapena pachipewa, chifukwa zimakola pa katungwe kapena pachitseko mwana n'kudzipachika. Izi n'zosavuta kukonza, timangosolola chingwecho, juzi n'kugulitsidwa.

Agogo a Zidzukulu Zisanu: Apo ndiye ndakumvani. Kusolola chingwe m'malo mobweza chovala, zimenezo n'zaumunthu. Ndimadana ndi zoti munthu wanyamula katundu kuchokera kutali, wina n'kumubwezera pamaso pa anthu ngati wabweretsa zinyalala. Woyendera akhale waulemu, azimutengera munthu pambali.

Make Mapasa: Ndipo asamakondere. Tisabisane, ulendo watha panali zovala zothimbirira kuposa zanga zimene zinadutsa chifukwa mwini wake amadziwana ndi oyendera.

Mlamu wa Aliyense: Nanga zoti oyendera amayamba adzisankhira zabwino zonse chitseko chisanatsegulidwe, tinene kapena tisiye?

Woyang'anira Gulu: Alamu, nenani pagulu pomwe pano, sitibisa. Kuyambira pano oyendera azikhala awiriawiri, ndipo munthu asayendere katundu wa mnzake wapamtima kapena wa m'bale wake. Zodzisankhirazo, anthuwa amagwira ntchito yongodzipereka, ndiye ndinkaona ngati ndi kuwathokoza. Koma tiika malire.

Mayi Wachisamba: Ndifunse nawo za mabotolo ndi makina okamira mkaka. Ndili nazo zambiri, mwana wanga anakana botolo.

Namwino wa Ana: Timphira toyamwira ndi tija tomutonthoza mwana, ngati tinalowapo m'kamwa, tayani. Mphira imafewa, imang'ambika, kachidutswa kangathe kuduka mwana akuyamwa. Mabotolo ngati sanakandike m'kati ndipo manambala oyezera akuoneka, akhoza kugulitsidwa, wogula akawawiritse n'kugula timphira tatsopano. Okandikakandika amasunga mkaka m'mizere. Samalaninso ndi mabotolo akalekale a pulasitiki yolimba yoonekera, chifukwa ambiri anali ndi mankhwala a BPA, amene ku Ulaya anawaletsa m'mabotolo a ana mu 2011. Makina okamira alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi chotchinga choletsa mkaka kulowa m'machubu ndi m'injini, ena alibe. Opanda chotchingawo ndi a mayi mmodzi basi, chifukwa m'kati simungatsuke.

Mayi Wachisamba: Timphira tina sitinatsegulidwe m'pepala.

Namwino wa Ana: Tosatsegula bweretsani.

Woyembekezera Koyamba: Chophunzitsira mwana kuyenda chija cha matayala, chomukhazika pakati, apongozi anga akuti ndikachiona ndigule.

Namwino wa Ana: Auzeni apongozi mwaulemu kuti a namwino akana. Sichithandiza mwana kuyenda msanga, koma chimamupatsa liwiro ndi msinkhu woti afikire mphika wotentha, chingwe cha ketulo kapena masitepe mayi asanatembenuke. Canada inachiletsa mu 2004, ngakhale kugulitsa chakale n'kosaloledwa kumeneko. Chokankha ali chiimire ndi china, chimenecho n'chabwinoko.

Agogo a Zidzukulu Zisanu: Apongoziwo muwasiyire ine mwanawe, ndikudziwa kolankhula nawo kwake.

Bambo wa Atsikana Awiri: Pa timangolo ndiwonjezere: yesani mabuleki pamalo otsetsereka, pindani ndi kutambasula kawiri muone ngati kakutsekeka bwino, ndipo malamba onse akhalepo, makamaka la pakati pa miyendo. Komanso chinthu chilichonse chachikulu chili ndi dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Kulemba zimenezo pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti recall, kuti tione ngati kampani inalengeza kuti chibwezedwe, sikutenga nthawi. Ndikudzipereka kukhala pakhomo ndi foni kuchita zimenezo.

Make Mapasa: Nanga munthu akagula chinthu n'kukapeza vuto kunyumba, abweze kwa ndani? Wogulitsa amakhala atapita kale ndi ndalama zake.

Woyang'anira Gulu: Limenelo ndi funso lovuta. Pa zovala ndinene kuti wagula wagula, uziyang'ane usanalipire. Pa zinthu zikuluzikulu ndi zamagetsi tikhoza kusunga ndalama ya wogulitsa kwa masiku awiri tisanamupatse. Ogulitsa mukuti bwanji?

Mayi wa Ana Atatu: Masiku awiri ndivomera. Sabata ayi.

Kalipentala: Timabedi azibwera nato tosamasula, kapena abwere m'mamawa ndiwathandize kumanga pomwepo. Kabedi kali m'zidutswazidutswa sindingadziwe ngati mabawuti akwana.

Woyang'anira Gulu: Chabwino. Ndilembanso malamulowa usiku uno. Zovala zokhala ndi timabanga zilowa m'dengu lapadera, zoletsedwa ndiziika pamwamba penipeni kuti munthu asavutike kunyamula. Abambo a atsikana ndi a kalipentala mukhala pakhomo la katundu wamkulu, a telala pa zovala. Voti ya mipando ndaitsegula, itsekedwa mawa 8 koloko madzulo.

Telala: Wina abwere ndi sizasi ndi ulusi woyera, wanga watha.

Mayi wa Ana Atatu: Ndavota kale. Amene ali ndi mwana wa miyezi 9 kupita m'tsogolo ndipo akufuna mpando, andipeze ku inbox, buku lake lilipo.